Aboola mitengo ya pamzere wathu pofufuza mankhwala apansi: mtengo ungadziwe bwanji za mpweya wa m'nyumba mwanga?

Gogo wa Mapasa

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene mumagwira ntchito za madzi ndi nthaka.

Kuseri kwa nyumba zathu kuli chinyumba chomwe kale chinali dry cleaner, ndipo mbali ina ankatsukirako zitsulo za makina. Chinatsekedwa kalekale, ana anga asanakule n'komwe. Chaka chino malowo agulidwa, ndipo ogulawo asanayambe kumanga atuma akatswiri kudzayeza nthaka. Ine ndinkayembekezera chigalimoto chokumba zitsime. Koma kunangobwera achinyamata atanyamula kabokosi kozizira ndi kachitsulo koboolera ka chogwirira chopingasa. Akafika pa mtengo amakapotokola m'thunthu, cha pachifuwa apa, n'kusolola kamtengo kowonda kotalika ngati chala, n'kukaponya msangamsanga m'kabotolo, kutseka, kulemba nambala, ulendo ku mtengo wina. Anapempha kuboolanso mtengo waukulu wa pabwalo panga, ndipo anauboola mbali ziwiri.

Tsopano kalata yabwera. Akuti m'mtengo wanga mwapezeka tetrachloroethylene, yomwe akuilemba PCE, komanso trichloroethylene, yomwe akuilemba TCE, pang'ono. Wa aneba a kumanja akuti mulibe kanthu. Akupempha chilolezo choti adzaboole simenti ya m'nyumba mwanga kabowo kakang'ono, ndi kusiya chitini choyezera mpweya tsiku lathunthu.

Madzi timamwa a pampope, chitsime tilibe. Ndiye mankhwala ali pansi pa nthaka andipeza bwanji? Nanga thunthu la mtengo likugwirizana pati ndi mpweya wa kuchipinda? Aneba akusangalala kuti iwo apulumuka, kodi n'zoona? Chomwe chikundisowetsa tulo n'chakuti mpongozi wanga ndi woyembekezera, ndipo amagona chipinda cha kumbuyo, chomwe chayang'anana ndi chinyumba chija.

Woyeza Nthaka

Agogo, avomereni adzayeze. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti asasochere m'zambiri zomwe ndilembe. Ntchito imeneyi ndimaigwira, ndipo kachitsulo munakaonako kandituluitsapo matuza m'manja.

PCE ndi madzi omwe a dry cleaner amachapira zovala, TCE ndi omwe mafakitale amasukira girisi pa zitsulo. Onse awiri ndi olemera kuposa madzi: lita imodzi ya TCE imalemera makilogalamu 1.46, ya PCE 1.62. Petulo akatayika amayandama pamwamba pa madzi apansi, ndipo tizilombo ta m'dothi timamudya msanga. Awa ayi. Amamira, n'kudutsa madzi apansiwo mpaka atapeza dongo kapena thanthwe lowatsekereza, n'kukhala pamenepo zaka makumimakumi akusungunuka pang'onopang'ono. Madzi apansi sakhala chiimire, amayenda, ndipo amanyamula zosungunukazo kupita nazo pansi pa misewu ndi nyumba za anthu amene sanagwirepo ntchito pamalopo. Ku America malire a madzi akumwa ndi ma microgram 5 pa lita, pa PCE ndi pa TCE pomwe. Microgram ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu, ndiye mutha kuona kuti mgolo umodzi wodontha ungaipitse madzi ochuluka bwanji.

Inu madziwo simumwa, n'zoona. Koma mankhwalawa amauluka mosavuta. Pamwamba pa madzi apansi amasanduka nthunzi, nthunziyo imalowa m'timipata ta dothi n'kumakwera. Ikatulukira pabwalo imabalalika ndi mphepo, palibe vuto. Ikapeza nyumba, nkhani imasintha, chifukwa nyumba imayamwa dothi lomwe yakhalapo monga mwana amayamwira chakumwa ndi kapaipi, kungoti mofooka kwambiri moti simungamve. Mkati mukafunda kuposa kunja, mpweya wofunda umathawira kudenga, ndipo wina wodzalowa m'malo mwake umachokera pansi, kudzera m'ming'alu ya simenti, pomwe khoma lakumana ndi pansi, ndi m'mbali mwa mapaipi. Mphepo yowomba khoma limodzi ndi fani yotulutsa mpweya kubafa zimawonjezera kukokako. Mphuno siingakuchenjezeni, poti fungo limayamba kumveka pa mlingo wokwera kwambiri kuposa womwe madokotala amada nawo nkhawa. Ku Endicott, m'chigawo cha New York, komwe kunali fakitale ya IBM, nyumba zoposa 400 zinaikidwa makina okoka nthunziyi kuyambira mu 2003, pomwe eni ake ankamwa madzi a pampope ngati inu.

Tsono mtengo. Mizu yake ili m'dothi lomwelo lomwe lili pansi pa maziko a nyumba yanu. Imamwa chinyezi cha mmenemo, ndipo imakhudzana ndi mpweya wa mmenemo usana ndi usiku. PCE ndi TCE zimadutsa khungu la muzu mosavuta, n'kukwera limodzi ndi madzi m'gawo lakunja la thunthu, kuseri kwa khungwa. Zina zimamatirira ku thabwalo, zina zimatulukira m'khungwa ndi m'masamba. N'chifukwa chake timaboola m'munsi, cha pachifuwa, pakuti mukamakwera m'mwamba mlingo umanka nuchepa. N'chifukwa chakenso achinyamata aja ankachita changu: kamtengoko kakangotuluka, mankhwala amayamba kuuluka pomwepo. Kabotoloko kamakhala ka mamililita 20 kapena 40, kotsekedwa mothina. Ku labotale sapera kamtengoko ayi. Amakasiya kuti mankhwala atulukire mu mpweya wa m'kabotolomo, kenaka amakoka mpweyawo n'kuupatsa makina otchedwa gas chromatograph, omwe amalekanitsa mankhwala alionse paokha.

Njirayi si yachilendo. Don Vroblesky wa USGS, bungwe la boma la America lofufuza za nthaka ndi madzi, ndi anzake anaonetsa mu 1999, ku Savannah River Site m'chigawo cha South Carolina, kuti mitengo yomera pamwamba pa madzi oipitsidwa inali ndi TCE m'thunthu. Mu 2008 iye analemba kabuku kolangiza katengedwe kake, komwe ambirife timatsatira. Joel Burken wa ku Missouri University of Science and Technology ndi ophunzira ake anaipititsa patsogolo. Kafukufuku wokhudza funso lanu lenilenilo anatuluka mu 2018, wa ku York m'chigawo cha Nebraska, komwe PCE inafalikira pansi pa tauni. Anaboola mitengo 121 n'kuyerekeza ndi zomwe zinayezedwa m'madzi apansi, mu mpweya wa m'dothi, pansi pa simenti ndi m'nyumba. Chomwe chimandikhudza ine pa zotsatira zake n'chakuti mitengo inagwirizana bwino ndi mpweya wa m'nyumba woyezedwa kwa miyezi kapena zaka, kuposa woyezedwa nthawi yochepa. Chifukwa chake n'chomveka. Kapaipi komwe timakhoma m'dothi kamatenga mpweya wa pamalo ochepa, pa ola limenelo. Mizu ya mtengo waukulu imayala kupitirira pomwe nthambi zalekezera, ndipo yakhala ikumwa kwa nthawi yaitali.

Za mbali ziwiri zija: m'mitengo yambiri mizu ya mbali imodzi imadyetsa thunthu la mbali yomweyo. Funsani manambala onse awiri. Mbali yokwera imaloza komwe mankhwala ali ambiri.

Aneba anu asasangalale msanga. Mtengo ukasonyeza PCE, ndiye kuti PCE ilipo pansipo, pamenepo sindikayika. Koma ukapanda kusonyeza, sikuti kulibe. Mwina mtengo wawo ndi waung'ono, wa mizu yosazama. Mwina amauthirira madzi a pampope, ndipo mtengo wokhuta madzi oyera suvutika kukafuna apansi. Mvula ikangogwa kumene mlingo m'thunthu umatsika. Mitundu ya mitengo imasiyananso kamwedwe, moti paini ndi bulugamu zoyandikana zitha kupereka manambala osiyana kutalitali. Palinso vinyl chloride, yomwe imabadwa tizilombo ta pansi tikamaphwanya PCE kukhala TCE, TCE kukhala mankhwala ena otchedwa DCE, DCE kukhala vinyl chloride. Ndi yoopsa kuposa makolo ake, koma imauluka msanga kwambiri moti m'thunthu siikhalitsa. Ndipo palibe masamu osandutsa nambala ya m'mtengo kukhala nambala ya mpweya wa kuchipinda. Mitengo imatithandiza kujambula mapu tsiku limodzi kapena awiri, popanda chigalimoto, kuti tidziwe khomo loyambira kugogoda. Khomo lanu lakhala loyamba. La aneba liyenera kukhala lachiwiri.

Mmisiri wa Mapaipi

Achimwene oyeza nthaka mwafotokoza bwino, koma mwasiya njira imodzi yomwe ine ndimakumana nayo. Ma dry cleaner akale ambiri madzi otsala m'makina ankangowathira m'ngalande ya suweji. Mapaipi akale a dothi lootcha ali ndi mfundo zodontha, mankhwala amatuluka pamenepo, komanso madzi oipa apansi amalowa pamenepo. Ndiye nthunzi imayenda m'kati mwa paipi mtunda wautali osakhudza muzu wa mtengo uliwonse, n'kukatulukira m'bafa la munthu.

Chomwe chimaitsekereza ndi madzi omwe amakhala m'paipi yopindika ya pansi pa sinki, ya kubafa ndi ya chimbudzi. Bafa losagwiritsidwa ntchito madzi aja amauma, khomo n'kutseguka. Chimbudzi chogwedera pansi chimachitanso chimodzimodzi. Agogo, lero lomwe thirani madzi m'ngalande iliyonse ya m'nyumba, ngakhale ya pansi ija yomwe mwaiiwala kuseri kwa chitseko.

Komanso ine sindikhulupirira ogula malowa. Kuboola mitengo n'kotchipa, kukumba zitsime n'kodula. Ndikuona ngati akufuna pepala loti tinayeza, basi.

Woyeza Nthaka

Za suweji mwanena zoona, achimwene, ndipo pali nyumba ina yomwe inatiphunzitsa tonse. Ofufuza a Arizona State University anagula nyumba ku Layton m'chigawo cha Utah, pafupi ndi malo a asilikali a ndege otchedwa Hill Air Force Base, pamwamba pa madzi okhala ndi TCE, n'kuyeza mpweya wake mosalekeza kwa zaka zoposa ziwiri. Pambuyo pake anapeza kuti nthunzi yambiri inkalowa kudzera m'paipi yotaya madzi yomwe inali pansi pa nyumbayo. Atatseka paipiyo mlingo unagwa kwambiri.

Pa za kutchipa ndikusiyana nanu pang'ono. Kutchipako ndiye ubwino wake. Zitsime zikakhala zodula, munthu amakumba zochepa, ndipo mzere wa madzi oipa umatha kudutsa pakati pa ziwiri osaoneka. Ndi mitengo mumayeza ponseponse, ngakhale kuseri kwa mipanda komwe chigalimoto sichingafike, kenaka zitsime zochepazo mumazikumba pamalo oyenera. Ku Tel Aviv mu 2008 ofufuza anaonetsa kuti mitengo ya m'misewu, kuphatikizapo bulugamu, ikhoza kuulula malo oipitsidwa pakati pa mzinda. Wachinyengo mumuzindikira akaima pa mitengo pokha n'kulengeza kuti malo ndi oyera. Awa apeza mankhwala ndipo akupempha kulowa m'nyumba, ndiye mpaka pano akuyenda bwino.

Namwino Wopuma

Ine za nthaka sindilowerera, ndilankhule za mpongozi wanuyo, amayi.

Bungwe la IARC, lomwe limaunika zoyambitsa khansa pansi pa WHO, mu 2012 linaika TCE m'gulu loyamba, la zinthu zomwe zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya impso. PCE anaiika m'gulu la zomwe zikuoneka kuti zimayambitsa. Mu Disembala 2024 bungwe la EPA, loteteza chilengedwe ku America, linatulutsa malamulo oletsa TCE ndi othetsa PCE m'ma dry cleaner pang'onopang'ono. Za khansazi zimakhudza kupuma mankhwala kwa zaka zambiri, ndiye musaganize kuti mwadwala kale.

Kwa mayi woyembekezera nthawi ndi ina. Mtima wa mwana umaumbika m'milungu yoyambirira, miyezi iwiri isanathe, ndipo kafukufuku wina wasonyeza kugwirizana pakati pa TCE ndi zilema za mtima. Asayansi amatsutsanabe za kukula kwa chiopsezocho, koma akuluakulu a zaumoyo m'madera ambiri a ku America anasankha kusadikira: TCE ikapezeka mu mpweya wa nyumba yomwe muli mayi woyembekezera, amachitapo kanthu m'masiku ochepa, osati miyezi.

Ndiye musadikire zotsatira. Msamutsireni kuchipinda chakutsogolo, kapena chapamwamba ngati chilipo. Mawindo azikhala otsegula mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa. Popita kusikelo atenge kalatayo akaonetse. Auzeninso oyezawo kuti m'nyumba muli woyembekezera, ndipo mupemphe kuti zotsatira za TCE zibwere mwachangu. Ma labotale amatha kufulumiza akauzidwa chifukwa. Mumuuze modekha, mwana wa eni asachite mantha opitirira muyeso. Mpaka pano chomwe chapezeka chili m'mtengo, osati m'chipinda.

Gogo wa Mapasa

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Mpongozi ndamusamutsa, ngalande ndathira madzi, ndipo ya m'bafa la alendo inalidi youma gwa. Ndawaimbira oyezawo, akuti mbali ya mtengo yoyang'ana kumbuyo ndiyo inali yokwera, ndipo abwera sabata ino.

Mwana wanga wamwamuna akuti tingoudula mtengowo poti uli ndi poizoni. Ine mtima sukundilola, mtengowo unabzalidwa ndi malemu bambo awo. Kodi ukutipatsa matenda tikakhala pamthunzi? Nanga mabowo aja ndiwatseke ndi phula? Pambali pake pali kamtengo ka zipatso komwe adzukulu amathyolako. Ndipo tikonzekere bwanji tsiku loyezalo?

Woyeza Nthaka

Musaudule, agogo. Zomwe mtengo umatulutsa m'masamba ndi m'khungwa n'zochepa kwambiri ndipo zimabalalika panja. Kuudula sikuchotsa ngakhale dontho la zomwe zili pansi. M'malo ena amabzala dala mitengo yomwa madzi kwambiri, monga poplar ndi willow, kuti ichepetse kuyenda kwa madzi oipa. Komanso mtengo wanuwo ungadzaboolezedwenso mtsogolo, nyengo yofanana, poona ngati ntchito yoyeretsa ikuphula kanthu. Mabowo asiyeni. Ndi a mamilimita 5 okha, mtengo wathanzi umadzitsekera wokha, ndipo phula limangotsekera chinyezi mkati.

Za zipatso, ofufuza a Utah State University anayeza kwa zaka zitatu zipatso za m'makomo ozungulira Hill Air Force Base. M'mathunthu TCE ankaipeza, koma m'zipatso pafupifupi munalibe, chifukwa yambiri imauluka isanafike kunsonga. Mukafuna mtima ukhale pansi, pemphani kuti atengeko zingapo akayeze. Chomwe ndingaletse adzukulu ndi kukumba m'dothi la kumpanda wa kumbuyo.

Tsopano tsiku loyeza, ndipo apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera kawirikawiri. PCE ndi TCE zimapezekanso m'katundu wa m'nyumba. Suti yongochokera ku dry cleaner ili m'pulasitiki mwake ikhoza kukweza nambala ya nyumba yonse. Chimodzimodzi mankhwala opopera otsukira mabuleki, zomatira zina, zochotsera madontho pa nsalu, zitini za penti zakale. Yendani nawo oyezawo chipinda ndi chipinda, muwatsegulire makabati, ndipo zonse zotere zituluke masiku awiri asanayeze. Musazisunge m'galaja yolumikizana ndi nyumba.

Chitinicho n'chachitsulo chonyezimira, cha malita 6, chochotsedwa mpweya wonse m'kati. Akatsegula kampope kake chimakoka mpweya pang'onopang'ono kwa maola 24. Chikhale pa msinkhu wa mphuno ya munthu wokhala pansi kapena wogona pabedi, osati pansi penipeni, osati pafupi ndi windo. Chimodzi chikhale m'chipinda cha kumbuyo chija. Tsiku limenelo lokha mawindo akhale monga mumakhalira nthawi zonse musanamve za nkhaniyi, apo ayi muyeza mphepo ya panja. Mpongozi akagone kwina usiku umenewo. Onetsetsani kuti aika chitini china panja, choyerekezera.

Kabowo ka m'simenti musakakane, ndiko kofunika kuposa chitini. Mpweya wa pansi pa simenti susinthasintha kwambiri, ndipo suti ya m'kabati siukhudza kwenikweni. Ukakhala wokwera pansi ndi wokwera m'nyumba, gwero ndi nthaka. Ukakhala wotsika pansi koma wokwera m'nyumba, tifufuze m'makabati kapena m'mapaipi a achimwene aja. Malangizo a EPA a mu 2015 amayerekeza mosamala kuti m'nyumba mungalowe mpaka magawo 3 pa 100 a mlingo wa pansi pa simenti, ndipo amati nyumba iliyonse yomwe ili mamita pafupifupi 30 kuchokera pomwe pali mankhwala iganiziridwe. Muyeze nokha ndi mapazi kuchoka pa mtengo wanu kukafika kwa aneba, muone ngati ali kunja kwa mtunda umenewo.

Zotsatira zoyamba zikadzabwera zabwino, musalole kuti atseke buku. M'nyumba ya ku Layton ija mlingo wa TCE unkasintha kuposa ka 100 pakati pa masiku abwino ndi oipa, ndipo masiku oipawo ankachuluka nyengo yozizira. Chitini cha tsiku limodzi chitha kugwera tsiku labwino. Pemphani kuti adzayezenso nyengo ina, kapena akusiyireni timachubu tomwe timapachikidwa m'chipinda kwa milungu ingapo tikumwa mpweya pang'onopang'ono. Zonsezi zilembedwe m'pepala lachilolezo musanasaine, pamodzi ndi mawu oti mudzalandira manambala enieni a ku labotale, osati kalata yongoti zili bwino.

Zikadzabwera zoipa, njira yothetsera vutoli ilipo ndipo si kugwetsa nyumba. Amamata ming'alu, amaboola simenti pakona, amalowetsa paipi mpaka m'miyala ya pansi, n'kuitulutsa kunja kukafika pamwamba pa denga, ndi fani yaing'ono yoyenda usana ndi usiku. Faniyo imapangitsa kuti pansi pa simenti pakhale pokoka kuposa m'nyumba, ndiye nthunzi imatsata paipi. Ndi njira yomweyo yomwe amagwiritsa ntchito pa radon, mpweya woopsa wachilengedwe wochokera m'nthaka, ndipo ikaikidwa bwino imatsitsa mlingo ndi magawo oposa 90 pa 100. Pa paipipo amaikapo kachubu kopindika kokhala ndi madzi a mtundu. Madziwo akakhala okwera mbali imodzi, fani ikugwira ntchito. Akalingana mbali zonse ziwiri, fani yaima, imbani foni tsiku lomwelo. Funsiranitu kuti magetsi a faniyo ndi kukonza kwake adzalipira ndani, zilowe m'pepala lomwelo.